Bwana Tsabola ndi Pemphero la Masana

Chinyonga,
Lamulungu masana

Wokondedwa mwana wanga Yosefe,

Ndakhala pakhonde kulemba kalata ino iwe utapita ku Kabula kukatsanzika anzako a ku mishoni. Amayi ako ali kuseri akusita malaya ako, ndipo ndikuwamva akumina pafupipafupi. Akuti ndi utsi wa makala a m'simbi. Ndikanatha kukuuza zonsezi pakamwa, koma ndimakudziwa. Ukamamvetsera umagwedeza mutu msanga, ndipo munthu wogwedeza mutu msanga sindimukhulupirira kuti wamva. Ulendo wa ku Halale ndi wautali. Uwerenge kalata ino m'sitima, ukafika uiwerengenso.

Kalata ya mzungu wako wa nyumba yosindikizira ija ndaiwerenga katatu. Ikukoma kwambiri, ndipo n'chifukwa chake sikundisangalatsa. Bwana amene akutamanda munthu asanamuone nkhope ine ndimamukayikira. Komanso kalatayo yadzera m'manja mwa a Lameki a m'kwaya aja, poti mphwawo ndiye kapitao kumeneko. Unandifunsa tsiku lija kuti bwanji sindinaseke pamene a Lameki ankakugwira paphewa n'kumati, "Mwana uyu ndi wathu." Sindinakuyankhe. Lero ndikuyankha, ndipo nkhani yake siindikometsera ine ayi.

Iwe uli kumsana, mlongo wako Estere akuyamba kumene kuyankhula, ndinalembedwa ntchito ya ukalipentala pa shedi ina ya fodya ku Limbe, kufupi ndi njanji. Ndinkakhoma mabokosi ndi kukonza jeke, chida chija chodindira fodya m'mabelo. Woyang'anira shediyo anali mzungu amene dzina lake sindilemba pano. Ife tinkamutcha Tsabola, chifukwa nkhope yake inali psuu ndipo mawu ake ankawawa mpaka madzulo. Tsiku loyamba ndinafika nditavala chipewa ndi nsapato, kalata ya ku mishoni ili m'manja. Sanaiwerenge n'komwe. Anakweza ndodo n'kugwetsa chipewa changa m'matope. "Iwe boyi wa mishoni," anatero m'Chinyanja chake chothyokathyoka, "pano palibe tchalitchi. Vula nsapato." Ndinavula, anthu onse a m'shedi akuonerera, ena akubisa kuseka. Zaka zonse zimene ndinagwira pamenepo sananditchulepo dzina. Ndinali boyi, ndinali chitsiru, tsiku lina ndinali nyani wodziwa kuwerenga. Bokosi likakhala labwino ankalimenya ndi phazi kuti aone ngati lisweke. Likapanda kusweka ankachoka osanena kanthu, ngati ndamulakwira.

Kulakwa kwanga koyamba kunali m'pemphero momwe. Ndinkadzuka m'mamawa, n'kugwada pamphasa ndisanayambe ulendo wa ku Limbe, ndipo ndinkamupereka Tsabola kwa Mulungu ngati mmene munthu amaperekera wakuba kwa asilikali. Ndinkati, Ambuye, mumuthyole. Mumugwetse pahatchi yake. Mumutumizire malungo. Ndinkadzuka pamphasapo mtima uli wotentha kuposa mmene ndinagwadira, ndipo madzulo ukali wonse umene ndinaumeza ku shedi ndinkadzautulira m'nyumba muno. Estere akalira ndinkakalipa. Iwe ukalira ndinkatuluka. M'mawa wina amayi ako anaima pakhomo la chipinda, mtsuko uli m'manja, n'kundifunsa kuti, "Abambo ake Estere, kodi mukupemphera kapena mukutemberera?" Ndinati sizikuwakhudza. Iwo anati, "Zikundikhudza. Mzunguyo sindinamuonepo, koma tsiku lililonse amalowa nanu m'nyumba ino." Ndinachoka, ndipo sindinasinthe. Yosefe, usaiwale: si mawu onse onenedwa munthu atagwada amene ali pemphero. Uzidzimvetsera wekha.

Kulakwa kwachiwiri kunali kukhulupirira munthu chifukwa cha nyimbo. A Lameki ndiwo anali kapitao pa shedi ija. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo akamaimba ngakhale azimayi okalamba ankapukuta misozi. Masana belu likalira kuti tipume, ine ndinkapita kuseri kwa mulu wa matabwa, pansi pa mtengo wa bulugamu, kukapemphera ndekha. Tsiku lina anandipeza kumeneko. "Mbale wanga," anatero, "katundu uyu musasenze nokha. Tizigwada awiri." Ndinakondwa mmene sindinakondwerepo. Kuyambira pamenepo tinkagwada awiri, ine n'kumatulutsa zonse za mumtima mokweza, iwo n'kumavomera kuti ameni, ameni. Sindinaone kuti iwo pemphero lawo linali lalifupi nthawi zonse, ndipo Tsabola sankamutchula. Ankangondifunsa tikadzuka, "Ndiye mukuganiza kuti mudzamuchita chiyani?"

Sipanapite nthawi, Tsabola anayamba kudziwa zinthu zimene sakanayenera kudziwa. M'mawa wina anaima pa benchi yanga, n'kutenga randa yanga, n'kumaitembenuza m'manja. "Boyi, ine ndamva iwe ukupempha Mulungu wako ine ndigwe pa hatchi." Iwe sungadziwe mmene zinthu zinalili masiku amenewo. Boma linkakayikira munthu wakuda aliyense wodziwa kulemba amene akupemphera kunja kwa tchalitchi. Anthu ankatengedwa ndi asilikali chifukwa cha mawu ochepa kuposa anga, ndipo ena sanabwerere. Tsabola anati, "Ine ndikalemba kalata imodzi ku boma, iwe watha." Anaponya randa pansi n'kuchoka. Masiku otsatira ndinkati ndikaona fezi, chipewa chofiira cha msilikali, pamsewu wa ku Limbe, ndinkapatuka kulowa m'chimanga cha eni.

Tsopano ndifika pa chimene ndakhala ndikubisa kwa iwe moyo wako wonse. Pa shedi ija panali bambo wina wachikulire, Che Amidu, Myao wa Chisilamu, woyendetsa ngolo ya ng'ombe. Ndiye ankatenga matabwa ku Kabula, kudutsa pa Mandala ndi pa Chichiri, n'kudzanditulira pa benchi. Sanali wolankhulalankhula. Masana iyenso ankabwera kuseri kwa matabwa kuja, n'kusamba m'manja ndi kumapazi, n'kuyala chikopa chake chapatali pang'ono ndi ife kuti aswali. Nditawauza a Lameki za mawu a Tsabola, iwo anagwira pakamwa. Kenako anayang'ana cha kumene kunali chikopa chija, n'kunena motsitsa mawu, "Ine sindinena kanthu, mbale. Koma ndani wina amakhala pano tikamagwada? Anthu awa si anzathu." Sindinafunse umboni. Ndinalandira mawuwo msanga chifukwa anandikomera. Kunali kosavuta kukayikira munthu wovala kofia kusiyana ndi munthu amene ndimakhala naye benchi limodzi Lamulungu.

Ndinkadziwa kanthu kena ka Che Amidu. Akamachokera ku Kabula dzuwa litapendeka, ankaimitsa ngolo pa Chichiri kanthawi kochepa kuti aswali, ng'ombe zikupuma. Tsiku lina matabwa anachedwa, Tsabola n'kubwera kudzandikalipira ine. Pamenepo ndinatsegula pakamwa panga. Ndinati, "Bwana, si ine. Wangolo amaima panjira kupemphera." Yosefe, werenganso mawu amenewo. Ine amene ndinkanjenjemera chifukwa wina wakanena za pemphero langa, ndinakanena mnzanga chifukwa cha pemphero lake. Ngolo itafika, Tsabola analanda chikoti cha ng'ombe m'manja mwa Che Amidu n'kumukwapula nacho pabwalo, bambo wa imvi, kenako anamuchotsa ntchito. Che Amidu sanalire. Anatola kofia yake, n'kusisita ng'ombe zake ziwiri pamphumi, n'kumapita. Podutsa pa benchi yanga anandipatsa moni wotsanzika monga mwa masiku onse. Ine ndinayang'ana pansi, ndikudziuza kuti chilungamo chachitika.

Koma Che Amidu atachoka, makutu a Tsabola sanatsekeke. Ankadziwabe zimene ndanena masana. Ndipamene tulo tinandithawa. Ndinachita chinthu chimene sindikunyadira, koma ndikuuza mmene chinalili. Ndinawauza a Lameki bodza, tili awiriwiri, popanda ngakhale mbalame pamtengo. Ndinati ndikufuna kuthawira ku Zomba kukafuna ntchito ina mwezi ukatha. Ku Zomba ndinalibe nako maganizo, ndipo ngakhale amayi ako sanamve mawu amenewo. M'mawa mwake Tsabola anadutsa pa benchi yanga akuliza mluzu. "Boyi, Zomba kulibe ntchito ya iwe." Ndinaika sowo pansi. Masana ndinawapeza a Lameki pansi pa bulugamu atagwada kale, akundidikira. Ndinati, "Dzukani, a Lameki. Za ku Zomba ndinauza inu nokha." Anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo mosafulumira. Sanakane. Anati, "Aa, mbale wanga, ine ndimangoyankha zimene bwana wandifunsa. Nanga mukufuna Mkhristu aziname?" Pambuyo pake ndinamva kwa ena kuti ankaopa kuti ine, wodziwa kulemba ndi kuyeza, ndidzawalanda ukapitao.

Loweruka lake ndinayenda wapansi mpaka kumunsi kwa phiri la Mpingwe kumene Che Amidu ankakhala. Ndinamupeza pabwalo akusema goli. Anali atapeza ntchito kwa mmwenye wina wa sitolo ku Limbe, koma mkono wake wamanja sunkakwera bwino kuyambira tsiku la chikoti lija. Ndinakhala pansi, osati pampando umene mkazi wake ananditulutsira, n'kumuuza zonse. Anamvetsera osasiya kusema. Nditatha anati, "Che Simoni, ine ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndi inu. Mzungu uja sadziwa za pa Chichiri." Ndinafunsa chifukwa chake anandipatsabe moni. Anati, "Mapemphero anu onse ndinkawamva. Mumafuula. Ndinkati munthu uyu wavulala, ndipo wovulala amaluma aliyense womuyandikira." Kenako anaonjeza, "Koma chinthu chimodzi chinkandidabwitsa. Mumauza Mulungu zochita, ngati ndinu bwana wake. Inu amene mumadana ndi bwana." Sanandiuze kuti wandikhululukira. Anangoitana mkazi wake kuti andipatse madzi akumwa, ndipo pochoka anandiperekeza mpaka pamsewu. Mkono uja sunachire mpaka imfa yake. Ndinali pamaliro ake, chapatali, ndipo ana ake sadziwa kuti ndine yani.

Pobwerera ku Chinyonga tsiku limenelo ndipamene ndinayamba kuphunzira kupemphera, ndili bambo wa ana awiri, wobatizidwa kalekale. Ndinasiya kumuuza Mulungu za Tsabola ngati kuti sakumuona. Pemphero langa linafupika kwambiri, mpaka ndinkatha kulinena msomali uli pakamwa. Ndinkati: Ambuye Yesu, inu anakunyozani pagulu, mukudziwa mmene zimawawira. Gwirani lilime langa. Gwirani dzanja langa. Chimene chili changa m'nkhani iyi mundionetse, chimene si changa mundilande. Ndi lomwelo basi. Patapita miyezi ndinaonjeza mawu ena, amene poyamba ankandivuta kuwatchula. Ndinayamba kumutchula mzungu uja dzina lake lenileni, osati Tsabola, n'kupempha kuti Mulungu amuchitire chifundo. Usaganize kuti ndinayamba kumukonda. Sindinamukonde mpaka lero. Koma ndinaona kuti munthu amene wamupempherera m'mawa savuta kwambiri kumuyang'ana m'maso masana, ndipo madzulo ndinayamba kulowa m'nyumba muno ndekha.

Pemphero limenelo linayesedwa nyengo yogula fodya ili pachimake. Mtanda waukulu wa jeke unang'aluka chifukwa Tsabola mwini analamula kuti apanikize mopitirira, ine nditachenjeza. Anabwera akuthamanga, ndipo pamaso pa anthu onse anandimenya ndi ndodo pakhutu. Ndinali ndi hamala m'manja, Yosefe. Ndinamva kulemera kwake, ndinaona pamene ndingamenye, pamwamba pa diso lake. Zonse zinali zitakonzeka m'thupi mwanga. M'khutu munkalira, ndipo pansi pa kulirako ndinamva pakamwa panga pakunena pokha, gwirani dzanja langa. Ndinaika hamala pa benchi pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Kenako ndinati, mosakweza mawu, "Bwana, dzina langa ndine Simoni. Ndili ndi mkazi ndi ana. Jeke ndikonza lero lomwe. Koma musadzandimenyenso." A Lameki anali atabisala kuseri kwa mabelo. Tsabola anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutukwana m'chinenero chake, n'kutuluka.

Ndinadikira asilikali masiku atatu. Sanabwere. Sindikuuza kuti Tsabola anatembenuka mtima, chifukwa likhala bodza. Mwina anangowerengera kuti palibe wina wodziwa kukonza jeke fodya ali mbwee pabwalo. Anapitiriza kunditcha boyi, anapitiriza kumenya mabokosi anga ndi phazi. Koma ndodo sinandikhudzenso. Nyengo ya fodya itatha ndinakamuuza masana poyera kuti ndikusiya ntchito, ndinatenga zida zanga, ndinavala chipewa nditatuluka pachipata, n'kuyamba kukhoma zitseko ndi mipando pansi pa mtengo wa mango uno umene iwe wakulira.

Ndiye mvera, mwana wanga. Mwina mzungu wako wa ku Halale adzakhala wabwino. Ndikupempha kuti zitero, koma sindikuyembekezera. Akadzakunyoza, usadzathamangire kuuza munthu woyamba amene wakumvera chisoni. Yang'ana amene amakufunsa mafunso ambiri koma za iye sanena. Mphwawo wa a Lameki umupatse ulemu, umuthokoze akakulandira pa siteshoni, udye naye ngati wakuitana. Za mumtima usamuuze. Mwina ndikumulakwira mnyamatayo, sindinamuonepo. Ngati ndikumulakwira, nthawi idzakuonetsa, ndipo sudzakhala utataya kanthu podikira. A Lameki ndinawakhululukira, timadya mgonero pagome limodzi, ndipo chitseko cha nyumba yawo ndinakhoma ine. Koma chiyambire tsiku lija sanamvepo pemphero langa.

Ndikubwerezanso, pakuti apa ndipomwe ndinagwera kwambiri. Kukayikira kumene ndikukuphunzitsaku n'koopsa. Kukutseke pakamwa, kusakutsegule. Ukakayikira munthu, khala chete, yang'ana, dikira. Usadzakanene mnzako kwa bwana kuti iwe upume, ngakhale utatsimikiza kuti ndi mdani wako. Ine ndinatsimikiza. Ku Halaleko ukapeza anthu a mitundu yonse, Alomwe, Asena, Ayao, ndi eni dziko amene chinenero chawo sudzachimva. Usadzayeze munthu ndi chovala cha kumutu kapena nyimbo ya pakamwa.

Ndiponso usadzaganize kuti kupirira kwa Mkhristu ndi kugona pansi kuti akuponde. Ugwire ntchito yako mwaluso kuti pasapezeke chokunenera choona. Zonama azinena, zimenezo si zako. Koma tsiku limene adzapyola malire, unene dzina lako ndi mawu ako mofatsa, manja ali opanda kanthu, masana, anthu akumva. Ukaona kuti malowo akukusandutsa munthu woipa, bwerera. Palibe adzakuseke pakhomo pano. Benchi ilipo, randa yachiwiri ilipo.

Iwenso ndikukukayikira pang'ono, ndinene zoona. Ndiwe mwana wanga, ndipo ukali wanga uli mwa iwe. Ndinauona tsiku lija mphunzitsi wako anakudzudzula chifukwa cha zilembo zosindikizira zimene unaika chadodolido, iwe n'kukhala sabata yathunthu osalankhula ndi munthu. Ndikudziwanso kuti udzatilembera kuti zonse zili bwino ngakhale zisali bwino, poopa kuliritsa amayi ako. Amayi ako uwalembere zimenezo ngati ufuna. Ine undilembere papepala lina, ulipinde pakati, undiuze zoona. Sindidzakuweruza. Wawerenga wekha kuti ndilibe poyambira.

Ndamva mawu ako kunjira, ukubwera ukuseka ndi anzako, ndiye ndilekeza. Mawa pa siteshoni ya Limbe sindidzanena zambiri, usadzati bambo ako ndi ouma mtima. Koma tagwirizana ndi amayi ako chinthu chimodzi. Tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo, ine ndidzaika zida pansi, iwo adzasiya chimene akuchita, ndipo tidzagwada m'nyumba muno chitseko chotseka, kukutchula dzina. Belu la masana likadzalira kumeneko, kaya wakutukwana ndani m'mawawo, upeze pobisika, ugwade wekha, unene motsitsa mawu. Tidzakhala atatu.

Mulungu akugwire dzanja, Yosefe.

Ndine bambo ako,
Simoni